Zikomo Chifukwa cha Mbuzi, Koma Amalume Sakudya

Kwa Olemekezeka
Wachiwiri kwa Wachiwiri kwa Mkulu wa Yunivesite,
Oyang'anira Thanzi, Chimwemwe ndi Mtendere wa Mumtima wa Antchito,
Yunivesite ya Tamarack Hill,
South Bend, Indiana.

Bwana wanga,

Ndagwada. Simukundiona, koma ndagwadadi pa kapeti ya kuchipinda kwanga, ndipo bondo lamanzere likundiwawa chifukwa cha zolimbitsa thupi zimene ofesi yanu inatikonzera mwachikondi. Dzina langa ndine Mwaiwathu Nankhuni, kantchito kanu ka mu labu ya kemisitiri, kamene kamasakaniza mankhwala, kutsuka mabotolo ndi kuyang'anira kuti ana a eni ake asadziwaule nsidze. Inu simundidziwa, ndipo palibe chifukwa choti muvutike kundidziwa. Ine ndiye ndimakudziwani bwino, chifukwa nkhope yanu ili pa chithunzi chachikulu m'chikepe cha nyumba yathu ya sayansi, mukumwetulira mano onse ali panja, pansi pake atalemba kuti pano tonse ndife banja limodzi. M'mawa uliwonse ndikamakwera ndi kangolo kanga ka mabotolo ndimakupatsani moni. Simunandiyankhepo, koma sindidandaula, akuluakulu amatanganidwa.

Ndalemba m'Chichewa mwadala. Chingerezi ndinachiyesa kale m'maimelo ambirimbiri, ndipo chinkangondibweretsera mayankho a makina onena kuti uthenga wanga ndi wofunika kwambiri kwa inu. Ndiye ndati mwina chinenero chimene simuchimva mungachiwerenge mofatsa. Kalatayi ndaiponyanso pa gulu la WhatsApp la Amalawi a ku Indiana, kuti anzanga ogwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba za okalamba aone mmene ife a ku yunivesite tikusamalidwira, awawidwe mtima ndi nsanje.

Nkhani yanga ndi yaing'ono, siyenera n'komwe kufika pa desiki lanu. Amalume anga, a Alufeyo Kachingwe, agonekedwa m'chipatala ku Indianapolis. Anagwa m'bafa kunyumba kwawo ku Beech Grove, kunapezeka kuti mtima wavuta, ndipo madokotala akufuna kuwachita opaleshoni Lachinayi la sabata yamawa. Koma akuti sangawang'ambe ali ofooka chonchi, ayambe adya apeze mphamvu. Ndiye amalume sakudya. Ndinapempha tchuthi cha masabata awiri kuti ndikawadwazike, ofesi yanu inandikaniza ndi ulemu woti sindinauonepo chibadwire. Koma ndisanafike kumeneko mundilole ndithokoze kaye, pakuti amayi anandilera kuti kwa akulu sufikira kupempha.

Choyamba, zikomo chifukwa cha mbuzi. Tsiku lotsatira mutandikaniza tchuthi, ndinalandira imelo yokongola yoitanira antchito onse pa kapinga wa kutsogolo kwa laibulale nthawi ya nkhomaliro, akuti kukakhala mbuzi zochotsa nkhawa. Bwana, ndinakutamandani. Ndinati koma ndiye munthu uyu amawadziwa anthu, pakuti palibe chimene chimachotsa nkhawa ngati kanyenya wa mbuzi wothira tsabola. Ndinatenga kontena yanga ya pulasitiki, ina ya bambo a kunyumba, ndi kabotolo ka tsabola kamene kamakhala m'dirowa. Nditafika, utsi kulibe. Ndinapeza maprofesa, anthu olemba mabuku, atapolama pa timphasa ta labala, timbuzi tovala majuzi tikuwakwera pamsana. Kwathu ku Ntchisi mbuzi ikakukwera pamsana pagulu, abale amakutengera kwa abusa kuti akakupempherere. Kuno mumati yoga. Ndinabisa makontena m'chikwama n'kupolama nawo. Mtsikana wotitsogolera anati ndikoke mpweya pang'onopang'ono, ndilole nyamayo indisenzere mavuto anga. Kanga kanali koyera, dzina lake Bisiketi. Kanandipondaponda pamsana, kanatafuna kolala ya bulauzi yanga, n'kundisiyira timphatso takuda pamphasa, koma mavuto kanawasiya pomwe kanawapeza. Pomaliza ndinafunsa mayi amene amabweretsa mbuzizo ngati zimagwira ntchito tsiku lililonse. Anadabwa nane. Akuti ayi, zikacheza ndi anthu tsiku limodzi zimapuma masiku awiri, chifukwa anthu amatopetsa. Ndinamuyang'ana Bisiketi akukwera galimoto yake kupita kokapuma, ndipo sindikubisirani, ndinamusirira.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha wotchi. Chaka chatha munatigawira mawotchi akuda aja amene amamvetsera kugunda kwa mtima, kuyenda ndi kugona kwathu, n'kumakutumizirani lipoti kuti mudziwe ngati tili osangalala. Yanga imandikonda kwambiri. Loweruka m'mawa ndikamathamangira ku Indianapolis pa msewu wa 31, imayamba kunjenjemera ndisanafike n'komwe ku Kokomo, kundikalipira kuti ndakhalitsa pansi, ndiimirire ndidziwongole. Ndikuyendetsa galimoto, bwana, pakati pa mathiraki! Koma chimene chinandigwira mtima ndi cha tsiku limene anesi anandiimbira kuti amalume akomokanso. Ndinali mu labu, botolo la asidi lili m'manja. Mtima unagunda ngati utulukira pakamwa, thukuta lili kamukamu, ndikungoyendayenda m'khonde foni ili kukhutu, osadziwa kolowera. Wotchi inaimba kanyimbo, inandionetsa chikho chagolide n'kundiyamikira kuti ndachita masewera amphamvu. Mwezi uno mafoni oterewa achuluka, moti ofesi yanu yandisankha kukhala Katswiri wa Thanzi wa nyumba yonse ya sayansi. Mphoto ndinalandira: botolo la madzi ndi sokosi zojambulidwa mapeyala. Ndikuthokoza m'malo mwa amalume, pakuti ntchito yaikulu anaigwira ndi iwo.

Chachitatu ndi webina ija ya mutu woti tiziwasamala osamala anzawo. Munaiika nthawi ya nkhomaliro kuti isasokoneze ntchito, nzeru zimenezo. Ndinaionera pa kompyuta ya mu labu ndikudya buledi choimirira. Mphunzitsi wake anali bambo wa ndevu zopesa bwino, atakhala pakati pa makandulo, mawu ofewa ngati akugoneka khanda. Anatiuza kuti munthu amene ali ndi wodwala asachite manyazi kupempha thandizo, ndipo koposa zonse atenge tchuthi. Ndinalumpha! Ndinataipa msangamsanga m'kabokosi ka mafunso kuti tchuthicho chimatengedwa kuti, pakuti ine ndapempha andikaniza. Wina wa ku ofesi yanu anandiyankha ndi kachithunzi ka mtima wofiira, kenako kabokosi kanatsekedwa chifukwa nthawi inatha. M'mawa mwake ndinapeza pa desiki langa kampira kofinya munthu ukakwiya, kokhala ndi chizindikiro cha yunivesite. Ndakafinya, bwana. Kanaphulika Lachisanu. Ngati kena katsalako mundikumbukire.

Chachinayi, nambala yaulere ya alangizi a zamaganizo. Apa sindinyoza, mtsikana amene anandiyankha anali wamtima wabwino. Anandifunsa kuti zinthu zikandithina ndimatsamira ndani. Ndinati amalume. Anati nanga bwanji osawaimbira? Ndinati ndi amene akudwalawo. Ndinamumva akutembenuza mapepala, kenako anati nditseke maso ndiganizire malo amene mtima wanga ungakakhale pansi. Ndinaganizira mpando umene uli pambali pa bedi la amalume. Anasangalala kwambiri, akuti ndachita bwino, ndizipita kumeneko m'maganizo nthawi iliyonse imene ndafuna, popanda kupempha chilolezo kwa aliyense. Ndiye ndakhala ndikupita m'maganizo tsiku ndi tsiku, petulo osawononga. Vuto ndi loti ndikafika amalume sakundiona.

Zinazo ndasokoneza manambala, ndingothokoza pamodzi: mipando yosisita msana, madzi obiriwira a masamba opera amene amatigawira Lolemba, tsiku lobwera kuntchito titavala zogonera, ndi chipinda chachete chimene munthu amabukitsa pa intaneti akafuna kulira. Ndinayesa kubukitsa, chadzaza mpaka Novembala, ndiye pakadali pano ndikulirira kaye m'kachipinda kosungira mabotolo. Ndisaiwalenso kafukufuku wa mwezi ndi mwezi uja, wosankha kankhope kofanana ndi mmene ukumvera. Ulendo wina ndinadina kankhope kolira. Kompyuta inandifunsa kawiri ngati ndatsimikizadi, kenako inandilembetsa maphunziro a kaganizidwe kabwino, a Loweruka, tsiku lomwe ndimakaona wodwala. Mkulu wa dipatimenti yathu anabwera yekha kudzandinong'oneza kuti ndagwetsa chimwemwe cha dipatimenti yonse, a fizikisi atipitirira. Kuyambira pamenepo ndimadina kankhope koseka, ndipo ndamva kuti tabwerera pa nambala wani.

Tsopano mwina mukudzifunsa kuti munthu wamkulu angakane bwanji kudya m'chipatala chimene chakudya amachita kusankha pa pepala ngati ku hotela. Mundilole ndikufotokozereni, ngakhale sukulu yanga ndi yochepa poyerekeza ndi yanu. Kwathu wodwala sagonekedwa yekha. Amapita ndi gadiyani, wachibale amene amasiya zonse n'kukakhala naye: kumuphikira phala, kumumwetsa, kumusambitsa, kumutembenuza, kuthamangira anesi zikavuta, ndipo pogona amayala chitenje pansi pafupi ndi bedi. Wodwala amene alibe gadiyani wodi yonse imamumvera chisoni. Magadiyani a ena amamugawira chakudya uku akunong'onezana kuti kaya anawalakwira chiyani abale ake. Amalume akhala ku America kuno zaka zoposa makumi atatu. Ali ndi pasipoti yabuluu ya dziko lino, amakokola okha sinowo pakhomo, amatsutsana ndi aneba za basiketibo, koma ichi chokha sichinawachoke m'mutu. Ndipo iwowo ndi amene akhala gadiyani wa Mmalawi aliyense amene anagonekedwapo ku Indianapolis. Funsani ku Lawrence, funsani ku Lafayette Square, aliyense akuuzani kuti atatsegula maso pambuyo pa opaleshoni anaona a Kachingwe ali pampando, fulasiki ya phala ili pamiyendo.

Lero adwala ndi iwo, pampando palibe munthu. Aanti anatisiya kale. Mwana wawo Gray ndi msilikali wa pamadzi, ali pa sitima kunyanja ina yakutali. Amaimba pa vidiyo, bambo ake akumudandaulira m'Chichewa, iye akuyankha m'Chingerezi kuti adye. A Chrissie, anesi a ku Lawrence amene amapemphera nawo, amadutsako akaweruka, koma nawonso ali ndi mashifiti ndi ana. Amuna anga a Mervin anadzipereka, amalume anakanitsitsa, akuti mkamwini sangawaone atavala kagauni kotsegula kumbuyo kaja. Watsala ndi ine, mwana wa mchemwali wawo. Anawauza kale anesi onse kuti gadiyani wawo akubwera kuchokera ku South Bend, ndi wa ku yunivesite, ndipo adya akafika. Loweruka ndi Lamulungu ndimafikadi. Ndimagula ufa pa Lafayette Road, kukaphika phala kunyumba kwawo, ndipo amamwa mbale yonse mpaka kupempha lina. Lolemba thireyi imabwerera mmene inabwerera. Anesi ayesa supu, ayesa jelo wotsekemera, ayesa aisikirimu, amalume amangothokoza mwaulemu n'kuvundikira mbale. Ndawakalipira, ndawanyengerera, ndawaopseza kuti ndikawanenera kwa abusa. Amangoti sakuchita dala, akayang'ana pampando chakudya chikumaima pakhosi. Dokotala wanena mosabisa kuti kudya kumapeto kwa sabata kokha sikukwanira. Akapanda kupeza mphamvu opaleshoni ailepheretsa, pomwe mtimawo sungadikire.

Mpandowo, bwana, ndi wabwino zedi. Uli ndi kachitsulo kokoka kuti munthu ugone chagada, ndi bulangete lake lomwe. Amalume amausirira. Akuti dziko lino ndi la nzeru, linamupangira gadiyani bedi lakelake, linangoiwala kumumasula kuntchito kuti adzagonepo.

Zonsezi ndinakazifotokoza ku ofesi yanu. Anandilandira mayi wansangala, anandipatsa tiyi wa maluwa ndi tisiwiti. Atandimvetsera mutu atapendeketsa, anatenga pepala n'kujambula mizere iwiri yozungulira, wina mkati mwa unzake. Mkatikati anaikamo mwamuna, mkazi, ana ndi makolo. Amenewa akadwala, wantchito amapatsidwa tchuthi. Kunja anaikako ena onse, akuti abale akutali. Amalume anawaika kumeneko, m'mphepete mwenimweni mwa pepala, pamene ankayesera ngati cholembera chikulemba.

Akutali! Bwana, ndinachita chizungulire. Ndinawauza mayiwo kuti kwathu amalume ndiye mwini mbumba. Bambo anga ondibereka ankavula chipewa amalume akamalowa pakhomo. Dzina langali anandipatsa ndi iwo, sukulu anandisankhira ndi iwo, a Mervin atandifuna anakagogoda kwa iwo, ndipo mpaka lero tikayambana m'nyumba mlandu umakathera ku Beech Grove. Mayiwo maso anawala, anandifunsa ngati amalume anandilera m'nyumba mwawo m'malo mwa makolo, pakuti zikatero pali kanjira. Ndikanangoti inde! Koma anandilera ndi amayi anga, ndipo ine ndine wa Mvano, ndinanena zoona. Mayiwo anausa moyo, anati chikhalidwe chathu n'chokongola kwabasi, n'kundipempha kuti pa tsiku la zikhalidwe zosiyanasiyana ndidzavale chitenje ndidzawafotokozere anthu za amalume. Akuti kudzakhalanso timakeke.

Masiku anga a tchuthi cha pachaka anathera m'misewu, kuwaperekeza amalume kokayezetsa matendawa atangoyamba. Ndinapempha tchuthi chosalipidwa, mkulu wa dipatimenti anagwira mutu, akuti temu yangoyamba ndipo mu labu ndatsala ndekha. N'zoona. Mnzanga amene tinkagwira naye anapuma pantchito chaka chatha, malo ake simunalembepo wina chifukwa zinthu zinavuta, mwezi womwewo umene munagula mipando yosisita msana ija. Ndikangonyamuka popanda chilolezo, akuti zidzatengedwa kuti ntchito ndaithawa. Ikapita ntchito, yapita ndi inshulansi ya banja lonse, yapitanso ndi sukulu ya mwana wanga Ida, amene akuphunzira pompano pa mtengo wa ana a antchito. Ndiye ndiuzeni, ndisankhe ndani pakati pa amalume ndi mwana? Tulo sindikuliona, ndipo wotchi yanu ikudziwa.

Ndinali nditataya mtima mpaka sabata yatha, pamene Mulungu anandionetsa kuti ofesi yanu ili nacho chifundo, kungoti ine ndinkagogoda khomo lolakwika. Melissa, mlembi wa dipatimenti yathu, mzungu wabwino mtima amene timadyera limodzi, sanabwere kuntchito. Kunabwera imelo yoti tonse timukumbukire pa nthawi yovutayi: galu wake Wafulo wachitidwa opaleshoni ya bondo, ndipo Melissa wapatsidwa masabata awiri olipidwa kuti akamudwazike. Izi zili mu pulogalamu yanu yatsopano ya Miyendo Inayi, Banja Limodzi, imene munaitsegulira nokha podula riboni ndi sizasi yaikulu. Khadi linazungulira maofesi, nanenso ndinasaina kuti achire msanga. Galuyo ndilibe naye chifukwa, ndinamuonapo, ndi waulemu kuposa ophunzira ena. Madzulo ndinamuimbira Melissa kumupepesa matenda monga timachitira. Atamva za amalume analira, anati si chilungamo, kenako anandiuza chinthu chimene chinanditsegula maso. Akuti ku pulogalamu imeneyi sajambula mizere yozungulira. Safunsa ngati chiwetocho chinakulera, kapena ngati muli pa ubale wa magazi. Amangofuna dzina, mtundu, zaka, katemera, ndi mawu ako otsimikiza kuti nyamayo imadalira iwe ndipo siidya ukachoka.

Siidya ukachoka, bwana! Ndinakhala pansi.

Lamulungu ndinapita nayo nkhaniyi kwa eni ake. Muyenera kudziwa kuti amalume ndi mkulu wa mpingo, munthu amene amamanga tayi pokataya zinyalala. Ndinadikira amalize phala, ndinagwada pambali pa bedi, ndinawapempha kuti ndiwalembetse ngati chiweto changa, n'kuyamba ndi nyama zaulemu. Mphaka anakana, akuti mkulu wa mpingo akasanduka mphaka, nkhani ikakafika ku Ntchisi anthu adzati ankadziwa kale. Chinkhwe anakana, akuti iwo salongolola, zimene si zoona koma sindinafune kutsutsana ndi wodwala. Nsomba ya m'galasi tinaikana tonse, palibe angakhulupirire kuti ikufuna phala. Mbuzi ndinaikana ndine, pakuti mbuzi ndi antchito anzanga pa yunivesite pano, zingaoneke ngati zachinyengo. Nyama inatsala imodzi, ndipo dzina lake silikanatuluka pakamwa panga. Kwathu kumutchula munthu dzina limenelo ndi mlandu, umalipira nkhuku. Amalume anayang'ana kudenga. Kenako anandiitana ndi dzina langa laubwana n'kunena kuti ndilembe kuti galu, chifukwa kuno galu ndiye amamumvetsa msanga. Anawonjeza kuti ndisabise, ndiuze Amalawi onse, kuti wina akadzadwala adziwiretu kolembetsa. Anaseka mpaka makina a mtima analira, nesi n'kubwera chothamanga. Nanenso ndinaseka nawo. Nditafika poimika magalimoto ndinalira ngati mwana, chifukwa mwini mbumba wathu wavomera kukhala galu kuti ndikawamwetse phala. Zinandipweteka, bwana, ndipo zikundipwetekabe pamene ndikulemba pano.

Choncho, modzichepetsa kwambiri, ndikupempha kulembetsa chiweto changa. Dzina lawo ndi a Alufeyo Kachingwe. Mtundu wawo ndi wa ku Ntchisi, wosasakanizika, msinkhu wapakatikati, ubweya woyera kumutu. Zaka ndi makumi asanu ndi awiri zaumunthu, za agalu muwerengere nokha, inu ndi amene muli ndi madigiri. Katemera analandira yense, wa chimfine ndi wa korona womwe. Wa chiwewe yekha alibe, koma anena kuti ngati ndi lamulo abwere nayo jakisoniyo, mkono ulipo. Za miyendo inayi alangizi anu a zamalamulo asade nkhawa: chigwereni m'bafa akuyenda ndi ndodo ziwiri, mukawerenga bwino ikukwana. Saluma. Sauwa, kupatula nyimbo za m'buku m'mawa. Amadziwa kupereka dzanja, amakhala pansi ukawauza kawiri, ndipo msonkho akhala akukhoma chaka chilichonse. Chithunzi ndaphatikiza. Tayiyo musadabwe nayo, anakana kujambulidwa osamanga. Ndikutsimikiza ndi mtima wanga wonse kuti amadalira ine ndipo sadya ndikachoka.

Ndikudziwa kuti muli ndi misonkhano yambiri, ndipo pempho lililonse limayenera kudutsa m'makomiti. Likachedwa mpaka zinthu zitaipa, musalitaye, lidzagwirabe ntchito. Melissa wandiuza kuti chiweto chikafa mumapereka masiku atatu a maliro, maluwa, ndi kamtengo kobzala pa kampasi kolembedwa dzina la malemu. Malume akafa mumapereka masana amodzi, munthu akabweretsa pulogalamu ya maliro ngati umboni. Ndiye mulimonse mmene zingathere, a Kachingwe ziwayendera bwino kukhala galu pa yunivesite pano kusiyana ndi kukhala malume. Koma ngati chifundo chanu chingafulumireko pang'ono, chonde sainani sabata ino. Kamtengoko sindikukafuna, bwana. Ndikufuna ndikawadyetse akadali moyo.

Ine wantchito wanu wodzichepetsa, mwini chiweto,

Mwaiwathu Nankhuni
Labu ya Kemisitiri, chipinda chapansi